Kalata yotseguka kwa akuluakulu a zaumoyo ku Mangochi: mapazi a amayi anga anayamba kuyaka shuga asanafike pa 7

Kwa mkulu woyang'anira zaumoyo m'boma la Mangochi, Bwanamkubwa, makhansala ndi aphungu athu, komanso akuluakulu a ku Unduna wa Zaumoyo ku Lilongwe,

Zikomo mabwana ndi madona. Ndine mphunzitsi wa sayansi pa sukulu ina ya sekondale m'boma lino, ndipo kwathu ndi kwa Nankumba, m'mbali mwa nyanja. Chandilembetsa kalatayi ndi mawu atatu amene amayi anga anauzidwa zaka zitatu zapitazo: "Shuga mulibe, pitani."

Amayi amakazinga mandasi ndi kuphika tiyi padoko, kudikira alovi akamatuluka m'madzi m'bandakucha ndi usipa wawo. Ntchitoyi aigwira zaka zoposa 20, ndipo ine ndinaphunzira ndi ndalama ya mandasi omwewo. Vuto linayambira ku zala zakumapazi. Masana ali kalikiliki pa mbaula sankamva kwenikweni, koma usiku unkawatalikira. Ankati zili ngati wina wawapaka tsabola kunsi kwa mapazi, tsiku lina ngati nyerere zikuyenda m'kati mwa khungu, tsiku lina ngati akubayidwa ndi singano. Chitenje chofunda chikangokhudza zala, tulo tinkathera pomwepo. Kangapo konse ndinawapeza pakati pa usiku atakhala pamkeka, mapazi ali m'beseni la madzi. Kenako anazolowera kugona mapazi ali kunja kwa neti kuti azigunda simenti yozizira. Udzudzu wa kunyanja mukuudziwa nokha. Chaka chimenecho anadwala malungo kawiri.

Chipatala chimene anapitako sindichitchula, ndipo amene anawaona tsikulo sindimusungira chakukhosi. Mzere unali wautali, iye anali yekha, dzuwa linali litapendeka. Anawabaya chala, makina anaonetsa nambala, nambalayo sinalembedwe m'buku lawo lakuchipatala. Patapata sanavulidwe. Anabwerako ndi panado, brufen ndi mawu atatu aja.

Munthu akauzidwa kuchipatala kuti alibe kanthu pamene mapazi akuyakabe, mudzi umamupatsa yankho lake. Amayi anauzidwa kuti anaponda mankhwala, ndipo chala chinaloza mayi wina amene amagulitsa tiyi pafupi nawo, mnzawo wa kuyambira pa utsikana. Anasiya kulankhulana. Sing'anga anawatema mphini mapazi onse awiri, ndipo kabala kamodzi ka kuphazi lamanzere kanatenga miyezi iwiri kuti kapole. Mu Okutobala wotsatira anaponda khala la moto logwa pa mbaula, osamva. Anadzaona thuza madzulo akusamba. Apa ndi pamene ndinachita mantha. Ndinapita nawonso kuchipatala m'mawa asanalawe kanthu, ndipo shuga anapezeka pa 6.4. Tsiku lina anawamwetsa madzi a glucose n'kuwadikiritsa maola awiri, nambala inafika pa 9.6. Dokotala amene tinamupeza ulendo uno anawavula patapata, anawakhudza zala ndi kansonga ka pini komanso ndi chitsulo chozizira, ndipo zala zingapo sizinasiyanitse chozizira ndi chofunda. Anatiuza dzina lake pa Chingelezi kuti ndi prediabetes. Kumudzi tinalitcha shuga wa m'malire.

Manambala awa inu mukuwadziwa, koma ndiwalemba chifukwa kalatayi iwerengedwanso ndi anthu amene ali ndi beseni la madzi pambali pa mphasa. Munthu amene wagona osadya maola osachepera 8, shuga wake akafika pa 7.0 mmol/L kapena kuposera apo, ndipo zikatsimikizidwa, amati ali ndi matenda a shuga. Pa makina owerenga mu mg/dL nambala yomweyo ndi 126. Pansi pake pali dera lapakati. Bungwe la World Health Organization limaliyambira pa 6.1 kufika 6.9, pamene bungwe la American Diabetes Association limaliyambira pa 5.6, ndiye kuti 100 kufika 125 pa makina enawo. Pa kuyeza kwa madzi a glucose wa magalamu 75, dera lapakati ndi 7.8 kufika 11.0 pakatha maola awiri, ndipo 11.1 ndi matenda a shuga. Malire amenewa anaikidwa ndi anthu kuti athandize madokotala kugamula. Thupi silidziwa kuti pali mzere pa 7. Kuwonongeka kumayamba pang'onopang'ono munthu asanaufike mzerewo, n'chifukwa chake ena amapezeka ndi dzanzi kale pa tsiku lenileni limene auzidwa koyamba kuti ali ndi matenda a shuga. Dzanzi limenelo silibwera usiku umodzi.

Chichewa chathu chimatisokoneza pang'ono apa, chifukwa mawu akuti mitsempha timatchulira njira za magazi komanso tinsinga timene timanyamula uthenga kuchokera pakhungu kupita ku ubongo. Ana anga m'kalasi ndimawauza kuti pali mitsempha ya magazi ndi mitsempha yomvera. Shuga akamakwerakwera, makamaka munthu akangotha kudya, amawononga zonse ziwiri: amavulaza mitsempha yomvera yeniyeniyo, komanso timitsempha ta magazi tating'onoting'ono timene timaidyetsa. Yoyamba kufooka ndi yaitali kwambiri, imene imachokera kumsana mpaka ku chala chachikulu, n'chifukwa chake vutoli limayambira ku zala, mapazi onse awiri mofanana, n'kumakwera ngati munthu akuvala sokosi. Likafika cha m'mawondo, nsonga za zala zakumanja zimayambanso. Ndipo mwa mitsempha yomverayo, imene imayamba kugonja ndi yopyapyala kwambiri, yonyamula ululu ndi kutentha. Munthu amayenda bwinobwino, mphamvu m'miyendo zilipo, phazi ukaliyang'ana lilibe chotupa kapena bala, ngakhale makina oyezera magetsi a m'mitsempha angathe kunena kuti zonse zili bwino chifukwa amaona mitsempha ikuluikulu yokha. Ndiye munthuyo amaoneka ngati wongodandaula. Chowawa kwambiri n'chakuti kuyakako kukayamba kuzirala, ambiri amaganiza kuti achira, pamene kwa ena ndiye kuti mitsemphayo yatha ndipo phazi lasiya kudziteteza.

Phazi losamva ku Mangochi lili pangozi kuposa kwina. Mchenga wa padoko mu Okutobala ndi Novembala umawotcha ngati chiwaya. Pali mbedza, minga ya nsomba, zigoba za nkhono, magalasi osweka, ndipo anthu ambiri amagwira ntchito opanda nsapato kapena ndi patapata. Kabala kamene munthu sakukamva amakayendera mpaka katukusira. Inu amene mumayendera mawodi mukudziwa kumene ulendo wotere umathera, ndi mtengo wa kudula mwendo poyerekeza ndi kapepala kamodzi koyezera shuga.

Abambo ali ndi chawo chimene sanena pagulu. Mitsempha yopyapyala yomweyo ndiyo imayendetsa thukuta, kugunda kwa mtima ndi mphamvu za m'nyumba. Ena amayamba kuchita chizungulire akadzuka msanga, mapazi amauma n'kung'ambika, kapena amafooka pa nkhani za m'banja. Amathamangira gondolosi ndi mankhwala a pamsika, shuga osamuganizira n'komwe.

Sindikunena kuti phazi lililonse loyaka ndi shuga, ndipo ndikupemphani kuti uthenga usapite choncho. Kachilombo ka HIV pakokha kamawononga mitsempha. Amene anayamba kumwa ma ARV kalekale akukumbukira Triomune, amene munali stavudine, ndi mmene ankawotchera mapazi. Dziko lathu linawasiya zaka zoposa khumi zapitazo, koma ena anatsala ndi dzanzi lake. Isoniazid wa TB amadya vitamini B6, n'chifukwa chake amaperekedwa pamodzi ndi pyridoxine, amene ndi vitamini B6 yemweyo. Kachasu amawononga mitsempha. Kuchepa kwa vitamini B12 kumateronso, ndipo metformin yemwe, mankhwala otsitsa shuga, akamwedwa zaka zambiri, amatha kuchepetsa B12. Khate nalo silinatheretu, ndipo limayamba ndi chikanga chosamva pakhungu. Pali matenda a impso, pali a chithokomiro. Munthu mmodzi angakhale ndi zifukwa ziwiri kapena zitatu nthawi imodzi. Shuga wa m'malire nayenso kawirikawiri sayenda yekha: amabwera ndi mimba yaikulu, BP ndi mafuta ochuluka m'magazi, ndipo zonsezi zimathandizana kufooketsa mitsempha. Amayi anali nazo zitatu mwa izi, ife tikuwayamikira kuti ali ndi thupi labwino. Chimene ndikunena n'chakuti pa mndandanda umene dokotala amauganizira akamva kuti mapazi akuyaka, shuga wa m'malire alembedwepo, ndipo asafufutidwe ndi kubaya chala kamodzi masana, munthu atayenda mtunda wautali ndi njala.

Chimene chimandipweteka n'chakuti nthawi imene amayi anabwezedwa ndiyo inali nthawi yabwino kwambiri yowathandiza. Kuwongola mtengo m'poyamba. Ku America, kafukufuku wa Diabetes Prevention Program, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatsatira anthu 3,234 amene shuga wawo anali m'malire. Amene anathandizidwa kuchepetsa thupi ndi 7 peresenti ndi kuyenda ndawala mphindi 150 pa sabata, chiopsezo chawo chofika pa matenda a shuga chinatsika ndi 58 peresenti. Amene anapatsidwa metformin chinatsika ndi 31 peresenti. Kusintha kadyedwe ndi kuyenda kunaposa mankhwala. Mu 2006 madokotala a pa University of Utah anafalitsa zimene anapeza mwa anthu 32 a shuga wa m'malire amene mitsempha yawo inali itayamba kuwonongeka: patatha chaka cha kusintha zakudya ndi kuchita masewero olimbitsa thupi, tinsinga tomvera ta pakhungu tinachuluka, ndipo kuchulukako kunayendera limodzi ndi kuchepa kwa ululu. Anthu 32 ndi ochepa, koma zikusonyeza kuti timitsempha timeneti tingathe kuphukanso tikapezedwa msanga. Shuga akakhazikika zaka zambiri, zimene zafa sizibwerera.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 1,148,611 m'boma lino. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti mwa Amalawi a zaka 25 mpaka 64, anthu 5.6 pa 100 aliwonse anali ndi matenda a shuga, ndipo mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera. Ambiri mwa odwala shugawo anadutsa kaye m'malire. Yendani m'mawa pa Malembo, pa Msaka, pa Makawa kapena pa msika wa paboma muone zimene timadya: tiyi wa masipuni atatu kapena anayi, mandasi, thobwa lothira shuga, chakumwa cha m'botolo dzuwa likatentha, masana nsima ya ufa woyera mitanda itatu. Sindikunyoza, ndi chakudya chimene chinandilera. Koma palibe amene anatiuzapo kuti chingathe kuwotcha mapazi a munthu amene "alibe shuga".

Pempho langa lalikulu ndi laling'ono kwambiri moti silifuna ndalama ya khonsolo. Nambala ilembedwe m'buku la wodwala, pamodzi ndi tsiku ndiponso ngati munthuyo anali atadya kapena ayi. Ikagwera m'dera lapakati, munthu auzidwe zoona m'chilankhulo chake: shuga wanu wayamba kukwera, sanafike pa matenda, koma akhoza kukhala amene akuwotcha mapazi anu, mubwerenso tsiku lakuti musanadye. Mawu akuti "mulibe" amatseka nkhani. Munthu amapita kwawo n'kukawonjezera sipuni ina mu tiyi chifukwa adokotala amutsimikizira. Ndikupempha kuti mawu amenewa muwakambirane pa misonkhano yanu ya ogwira ntchito, kuyambira pa chipatala cha boma mpaka ku zipatala zing'onozing'ono za ku Makanjira, Namwera, Katuli ndi Chilipa, pamodzi ndi za mipingo zomwe. Agwirizane mawu amodzi a Chichewa ndi amodzi a Chiyao otchulira vutoli, chifukwa matenda opanda dzina amapatsidwa dzina la ufiti.

Kenako nsapato zivulidwe. Wodandaula za mapazi asatuluke m'chipinda mapaziwo osaonedwa. Kaulusi ka nayiloni kotchedwa monofilament ka magalamu 10 n'kotsika mtengo, ndipo kamodzi kamayeza anthu ambiri. Kachitsulo konjenjemera ka 128 Hz n'kogula kamodzi. Pini yoyera ndi chitsulo chozizira ndizo zimagwira mitsempha yopyapyala imene imayamba kuwonongeka. Ngakhale popanda chida chilichonse, pali njira imene madokotala a ku Ipswich ku England anaiyesa: wodwala atseke maso, woyeza akhudze pang'ono nsonga ya chala choyamba, chachitatu ndi chachisanu pa phazi lililonse, ndipo zala ziwiri kapena kuposerapo mwa zisanu ndi chimodzizo zikapanda kumva, phazilo lili pangozi. Alangizi a zaumoyo amene amayenda kale m'midzi mwathu pa za katemera ndi sikelo angathe kuphunzira zimenezi m'mawa umodzi.

Pa zoyezera, sindikupempha makina odula. Kuyeza kwa HbA1c, koonetsa mmene shuga wakhalira m'magazi pa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, kumene dera lake lapakati ndi 5.7 kufika 6.4 peresenti, n'kwabwino chifukwa sikufuna kugona ndi njala, koma kumasocheretsa mwa munthu wochepa magazi kapena wa sickle cell, ndipo kuno malungo ndi likodzo zimachepetsa anthu magazi chaka chonse. Kwa ife chodalirika ndi makina a m'manja aja ndi timapepala take, bola tisamathe, komanso m'mawa umodzi wodziwika pa sabata pa chipatala chilichonse, woti ogona osadya aziyamba kuonedwa. Mayi wochokera kutali sangadikire ndi njala mpaka 11 koloko. Amagula chitumbuwa panjira, ndipo kuyezako kwawonongeka. Kumene mapazi akuyaka koma nambala ya m'mawa ikuoneka yabwino, kuyeza kwa madzi a glucose kuzichitika, chifukwa ena shuga wawo amangokwera akadya, ndipo ndi omwewo amene kuyeza kwa m'mawa kumawaphonya. Makhansala ndi aphungu, timapepala timeneti tikhale ndi mzere wakewake mu bajeti, ndipo muzifunsa za ito monga mumafunsira za mijigo ndi milatho.

Mizere ya ma ARV ndi ya TB ili kale ndi anthu obwera pa masiku odziwika, mabuku awo ali m'manja. Kuyambira 2019 ambiri ali pa dolutegravir, mankhwala abwino amene apulumutsa anthu, koma ena amanenepa nawo. Kuwayeza shuga ndi kuwaona mapazi pa mzere womwewo sikufuna nyumba yatsopano. Sukulu ya Kamuzu University of Health Sciences ili ndi nthambi yake pa Mangochi pompano, ndipo ophunzira ake amabwera kudzaphunzira zaumoyo wa m'midzi. Apempheni atiwerengere kuti mwa anthu odandaula za mapazi oyaka m'boma lino, ndi angati amene shuga wawo ali m'malire, kuti tizikamba ndi manambala athuathu.

Za mankhwala a ululu ndinene mwachidule. Panado ndi brufen sizigwira kwenikweni ululu wa mitsempha, ndipo brufen, diclofenac ndi indocid zikamwedwa miyezi yambiri zimavulaza impso ndi m'mimba. Anthu akugula mankhwalawa m'magolosale tsiku ndi tsiku chifukwa cha mapazi. Amitriptyline wochepa womwa usiku amathandiza ambiri kugona, koma amafuna dokotala womuyang'anira, makamaka kwa okalamba ndi a vuto la mtima. Azipezeka ku zipatala zing'onozing'ono, pamodzi ndi pyridoxine.

Boma lino lili ndi mwayi umene maboma ena alibe. Abale athu achisilamu amasamba mapazi kangapo pa tsiku asanaswali. Mashehe atauzidwa zoyenera kuyang'ana, monga thuza, mng'alu, bala losapweteka, kapena madzi amene phazi silikuwamva kuzizira, uthengawu ungafike pa khomo lililonse Lachisanu limodzi. Mwezi wa Ramadan usanayambe ndi nthawi yabwinonso yokamba za zotsekemera zimene timamasulira madzulo. Matchalitchi ali ndi magulu a amayi, madoko ali ndi makomiti awo, Radio Maria ndi Dzimwe zimamveka m'midzi. Pa 14 Novembala, tsiku loganizira matenda a shuga padziko lonse, ndikupempha kuti chaka chino musangoguba paboma. Tengani makina mupite nawo padoko m'bandakucha, pamene alovi ndi amayi ogula nsomba asanamwe tiyi. Ndi anthu ogona osadya okhaokha, osonkhana kale pamalo amodzi. Asing'anga nawonso aitanidwe ndi ulemu, amve kuti mphini pa phazi losamva ndi khomo la chilonda, ndipo wobwera ndi mapazi oyaka amutumize kukayezetsa.

Uphungu wa zakudya ukhale wa zinthu zimene zili m'mbale mwathu. Pepala lonena za zipatso zakunja silithandiza munthu wa kwa Chimwala. Amayi anauzidwa zinthu zimene anatha kuzichita: mgaiwa m'malo mwa ufa woyera, mitanda iwiri m'malo mwa itatu, bonongwe, chisoso, nkhwani kapena therere zichuluke kuposa nsima, usipa ndi nyemba monga mwa masiku onse, zakumwa za m'botolo azisiye, shuga wa mu tiyi atsike sipuni imodzi imodzi mpaka athe. Chovuta kwambiri chinali kusiya kulawa mandasi awo omwe. Anayamba kuyenda wapansi popita ndi pochokera kudoko m'malo mokwera kabaza, atavala nsapato zotseka, ndipo madzulo aliwonse mdzukulu wawo amawayang'ana kunsi kwa mapazi ndi tochi ya foni.

Papita chaka ndi miyezi ingapo. Atsika makilogalamu 6, ndipo pa kuyeza komaliza shuga wa m'mawa anali pa 5.7. Beseni lija labwerera ku ntchito yake yotsukira mbale, mapazi amagona m'kati mwa neti. Zala ziwiri za kuphazi lamanzere sizimvabe, ndipo dokotala anati mwina zikhala choncho. Ndimaziyang'ana n'kumawerengera miyezi imene inatayika pakati pa kuyeza koyamba ndi kwachiwiri. Amayi anapita okha kukamupepesa mnzawo wogulitsa tiyi uja, atanyamula buku lawo lakuchipatala kuti amuonetse nambala ija ya 6.4. Mayiyo atamva zonse anavula patapata wake n'kunena kuti nayenso zala zakhala zikumuyaka usiku kuyambira nthawi ya mvula. Ndikupita naye Lachiwiri likudzali, asanalawe kanthu, ndipo ndikupempha kuti amene tikamupeze m'chipindamo akakhale atamva kale kuchokera kwa inu zoti amuvule nsapato ndi kulemba nambala m'buku.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa sayansi, mwana wa kwa Nankumba,
Mangochi